Malebulo Anayandama pa Chirundu

Ine ndi mlamu wanga Mofati tinanyamuka pa Kafue titadana kale, ndipo ulendo wa ku Joni sunatiyanjanitse. Ndanena poyambirira kuti wina asadikire zoti kumapeto tikumbatirana.

Zinali zaka zija boma litatsegula zitseko zonse, katundu wa ku South Africa atadzaza m'mashopu, mafakitale a ku Indasitiriyo akutsokomola ngati odwala chifuwa chachikulu. Ine ndinali nditagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku kilabu ya mabwana a fakitale ina, ndikuperekera zakumwa nditavala jekete yoyera. Tsiku lina anatipuluna. Ndi mmene tinkanenera masiku amenewo munthu akachotsedwa ntchito, ngati nthambi ya mtengo. Ndinakhala zaka ziwiri pakhomo ku Esiteti, ndikudya za mkazi wanga, amake Tisa, amene ankalawirira ku Shimabala kukapikula matimati n'kumagulitsa pamsika. Mwamuna amene sanakhalepo pakhonde dzuwa lili pamutu, akuona mkazi wake akutsika minibasi ndi kireti pamutu, asandiuze za manyazi.

Mofati ndi mlongo wake wamng'ono wa mkazi wangayo. Ndinamudziwa akuvala kabudula wong'ambika pamatako, ndipo sukulu anaimaliza akugona m'khitchini mwanga. Zitseko zitatseguka, anayamba kugulitsa zovala zakaunjika, kenaka matayala, kenaka zinthu zina zimene sankazitchula, mpaka anamanga loji yogona alendo m'mbali mwa mtsinje. Anasiya kutchedwa Mofati. Antchito ake ankati Ba Dayilekita, ndipo iye ankatembenuka pang'onopang'ono ngati khosi lili ndi chithupsa.

Anabwera kwathu Loweruka lina, osatsika n'komwe m'galimoto.

"Ba mulamu, nifuna muntu wa pa bala. Koma loji yanga si shabini iyayi, nifuna waini ya mabwana. Tiyende ku Joni mukanisankile. Ngati lilime yanu ikali kusebenza, nchito ni yanu. Ngati inapuluniwa pamozi na imwe, kuli munyamata ku Lusaka ali na satifiketi."

Ndinafuna kumuuza kumene angaike satifiketiyo. Koma amake Tisa anali ataima pakhomo atagwira tsache, akundiyang'ana, ndipo ndinangoti, "Tizayenda."

Za vinyo ndinazidziwa chifukwa cha injiniya wina wa ku Italiya, nkhalamba yaukali imene inkabweza tambula katatu pa tsiku. Itatopa kundikalipira inayamba kundilawitsa. Inkati vinyo wofiira aliyense ali ndi kwawo, ndipo ukamumwa uyenera kumva dothi la kumeneko ndi munthu amene anamupanga. Ine sindinadabwe nazo. Amayi anga ankafulula mowa ku Katete, ndipo anthu ankati akangolawa chipanda chimodzi amadziwa kuti ili ndi dzanja la Anabanda, amayi angawo, lowawira kumapeto, osati la Anaphiri a kutsidya amene mowa wawo unkatsekemera ngati thobwa. Dzanja limenelo ndi limene ndinkalifunafuna m'botolo lililonse, ndipo pa zaka zonsezo ndinali ndisananamizepo munthu za chimene chili m'tambula yake.

Basi yochokera ku Lusaka inayenera kutipeza pa Kafue kum'mawa, koma inafika tikuganiza za nshima ya masana. Tikiti ya munthu mmodzi inali yokwanira matumba angapo a ufa, ndipo Mofati anaonetsetsa kuti kondakitala ndi basi yonse amve kuti walipirira anthu awiri. Iye anakhala pawindo. Ine anandisiyira mpando wa pakati, bondo langa likugunda thumba la kapenta. Mbali inayi kunali mtsikana wa tchalitchi cha Pentekosite, Sisita Mevisi, amene ankapita kukapikula mabulangete. Anali ndi Baibulo pamiyendo ndi zikwama zazikulu zopanda kanthu atazipinda pansi pa mapazi.

"Ba tate, imwe muyenda kuoda chani?" anandifunsa titangowoloka mlatho wa Kafue.

"Waini," anayankha Mofati asanafunsidwe. "Ya kwalite."

Sisita Mevisi anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza kuti katundu wa Satana asafike kumene akupita. Anapemphera kuyambira pamphambano yolowera ku Chirundu mpaka titayamba kutsika mapiri. Ndikanadziwa kuti pemphero la mtsikanayo lili ndi mano, ndikanamugulira nthochi kuti akhale chete.

Pa Chirundu tinafika dzuwa litapendeka, kutentha kwake kochita kukutseka pakhosi. Mlatho unali wodutsa galimoto imodzi, ndiye tinadikira malole atsidya lino, kenaka atsidya lija, kenaka ena amene sindinadziwe kumene anatulukira. Anyani ankayendayenda pakati pa magalimoto mopanda mantha, ndipo wina analanda Mofati buledi m'manja. Ndiyo nthawi yokhayo paulendo wonse imene ndinaseka kuchokera pansi pa mtima.

Tisanafike ku Karoi lamba wa injini anaduka. Tinakhala m'mbali mwa msewu maola anayi, dalaivala atakwera galimoto ina kukasaka lamba. Amayi anayala zitenje pansi pa mitengo, wina anayamba kugulitsa mazira owiritsa pamtengo wa ku hotela, ndipo Mofati anatulutsa magazini ya vinyo imene anaigula ku Lusaka n'kuyamba kundiphunzitsa ntchito yanga.

"Mwaona apa, ba mulamu? Bakamba ati manje waini ifunika yosalala. Osati vija vakudala vogwila pa mukosi. Makasitomala ba manje sibafuna kuvutika."

"Yosalala monga chani?"

"Monga siliki."

"Unamwapo siliki iwe?"

Anapinda magaziniyo n'kusandilankhulanso mpaka ku Harare, ndipo ndinayamika Mulungu wa Sisita Mevisi.

Ku Harare tinasintha basi. Ya ku Joni inali yabwinoko, koma anatikhazika kumbuyo pafupi ndi chimbudzi chimene chitseko chake sichinkatseka. Masvingo ndinaiona ndi diso limodzi. Pa Beitbridge tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unabwerera kumapazi, mzere wokhotakhota wa amayi a zikwama ndi abambo a masutikesi, aliyense atagwira pasipoti ngati khadi la kuchipatala. Mofati anayesa kudumpha mzere ponena kuti ndi dayilekita. Mayi wina wa Chishona anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi, n'kumulozera kumbuyo ndi chibwano, ndipo anabwerera. Kuchoka apo msewu unali wosalala, ndipo ndinagona mpaka Joni.

Za mzindawo ndilibe zambiri. Nyumba zazitali, anthu othamanga, ndi kahotela konunkha mafuta okazingira. M'mawa mwake tinapita kunyumba yaikulu yosungira vinyo kunja kwa tauni. Anatilandira mnyamata wa mano oyera kwambiri, wa mawu ofewa, amene ankamwetulira asanamve n'komwe chimene ukunena. Iye ndi Mofati anakondana pomwepo.

Anatiikira matambula atatu a vinyo wofiira, onse a chaka chathachi. Woyamba anati ndi wa kufamu ya paphiri, ndipo ndiye wodula kwambiri. Wachiwiri wa kufamu ya kufupi ndi nyanja, mtengo wapakati. Wachitatu wa kuchigwa, wotsikirapo. Malebulo ake anali okongola: lina la phiri lagolide, lina la ngalawa, lina la mtengo wa mphesa.

Ndinanunkhiza woyamba. Zipatso zakupsa kwambiri, fungo la thabwa latsopano, kutsekemera kwa keke. Ndinalawa, ndipo anatsetsereka kukhosi osagwira paliponse. Ndinatsuka m'kamwa ndi madzi, n'kutenga wachiwiri. Zipatso zakupsa, thabwa latsopano, keke. Wachitatu chimodzimodzi. Sanali oipa, ndiye chimene chinandikwiyitsa. Vinyo woipa umamudziwa n'kumutaya. Awa anali ngati ana atatu a makolo osiyana amene awameta, awadzoza mafuta n'kuwaveka yunifomu imodzi mpaka mayi wawo sangaloze wake.

"Mofati," ndinatero m'Chinyanja kuti wa manoyo asamve, "ivi vonse ni chintu chimozi."

"Imwe naimwe! Simuona mitengo yasiyana?"

"Mitengo naiona. Nikamba vamene vili mu gilasi."

"Lilime yakalamba iyo," anatero, n'kumwetulira kwa mnzake uja.

Iwo atalowa mu ofesi kukalemba mapepala, ndinatsala ndi bambo wina wachikulire amene ankatsuka matambula. Anali ataona nkhope yanga. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndagwirapo ntchito ya vinyo, ndipo nditamuuza, anagwedeza mutu. Anati mafamu atatuwo ndi osiyanadi, iye anakulira kufupi ndi ina mwa iwo, ndipo kale ukanawasiyanitsa utatseka maso. Koma dziko lawo litatsegukiranso misika yakunja, onse anayamba kufunsa mlangizi mmodzi. Mphesa amazisiya zipse mpaka zifewe, vinyo amamuika m'migolo yatsopano, amamusefa n'kumusefanso kuti amweke akadali mwana. Ngakhale mabotolo amathirira pamalo amodzi.

Kenaka anawerama pansi pa tebulo n'kutulutsa botolo la lebulo losaoneka bwino. Anati ndi la mlimi wina wouma mutu amene anakana mlangiziyo, ndipo palibe amene akuligula. Ananditsanulira pang'ono. Poyamba anandikwapula lilime ngati masuku osapsa. Kenaka kunabwera fungo la fumbi la mvula yoyamba, utsi pang'ono, ndi kena kake konga nyama yofutsa. Nditameza anakhalabe m'kamwa, akulankhula. Maso anga anachita misozi, sindinama. Zaka ziwiri ndinali ndisanakumane ndi dzanja la munthu m'tambula.

Mofati atatuluka ndinamupatsa kuti alawe. Analavulira m'sinki.

"Inunka mbuzi! Ba mulamu, mufuna kunipaila bizinesi?"

"Ukaisunga zaka zitatu izankala mfumu ya vonse ivi."

"Nilibe zaka zitatu. Nitsegula pa Satade ya wiki ya mawa."

Anagula mitundu itatu ija, makatoni ofanana chiwerengero pa mtundu uliwonse. Ine ndinagula botolo limodzi la mbuziyo ndi ndalama imene amake Tisa anandipatsa yogulira nsapato, n'kulikulunga mu juzi.

Pobwerera tinakwera lole ya Ba Chanda, dalaivala wa ku Kafue komweko, Mbemba wosalankhulalankhula amene Mofati anapangana naye kuti anyamule katundu wa loji: mipando, matailosi, matambula, madiramu atatu apulasitiki abuluu osungira madzi, ndi vinyoyo. Tinapanikizana atatu kutsogolo. Mofati anakhalanso pawindo, ine pakati, giya ikundimenya bondo nthawi iliyonse Ba Chanda akasintha. Pa Beitbridge tinataya tsiku lathunthu. Ku Chinhoyi tayala linaphulika, ndipo Ba Dayilekita anaima patali atapinda manja, ine ndi Ba Chanda tikulimbana ndi jeke. Tinatsikira m'chigwa cha Zambezi tsiku lachitatu, mwezi wa Okutobala uli pachimake.

Titawoloka mlatho wa Chirundu, Mofati anatsegula chikwama chake chachikopa, anafufuza, anakhuthula zonse pampando, n'kuyamba kutukwana. Pepala losonyeza mtengo wa vinyoyo analisiya patebulo la mnzake wa mano oyera. Popanda pepalalo katundu sakanadutsa, ndipo apa panalibe wolakwa wina koma iye. Anaimba foni ku Joni, iwo anati atumiza pa fakisi. Makina a fakisi amene tinkadalira anali m'kaofesi ka munthu wina wothandiza za mapepala, ndipo tsiku limenelo m'makinamo munalibe pepala. Tsiku lotsatira pepala linalipo, magetsi kunalibe.

Amene sanadikirepo pa Chirundu m'Okutobala sadziwa kutentha. Phula limamata kunsapato. Madalaivala ankagona pansi pa malole awo atavula malaya, osalankhula, osathamangitsa n'komwe ntchentche. Lole yathu inali padzuwa penipeni, ndipo nditalowetsa dzanja pansi pa tenti yophimba katundu, makatoni anali otentha ngati buledi wongophula.

"Mofati, waini ikapya na zuba yasila. Izamveka monga jamu. Tifunika masaka, tiyanyoweke, tivinikile makatoni."

"Manje muimilila chani? Yendani mukasakile masaka!"

Ndinapita. Ndinayenda mpaka kumsika wa kuseri kwa malole, ndinapeza masaka asanu kwa mayi wogulitsa makala, kenaka ndinapatukira kukaofesi kuja n'kupeza magetsi abwera. Ndinadikira fakisiyo mpaka inatuluka, pang'onopang'ono ngati ikuchita manyazi. Zonsezi zinanditengera maola atatu. Ndinabwerera ndikunyadira, masaka paphewa, pepala m'manja.

Ndili patali ndinaona anthu atazungulira lole yathu. Madiramu atatu abuluu aja anali atatsegulidwa, odzaza madzi a mu Zambezi. Mofati anali ataona kuti masaka akuchedwa, ndiye anachita zimene timachita tonse paukwati ndi pamaliro tikafuna kuziziritsa mowa. Analemba madalaivala awiri, anatulutsa mabotolo onse m'makatoni n'kuwamiza m'madiramu. Ndimupatse chake: anasamala kuti mtundu uliwonse ulowe m'diramu yakeyake. Koma lebulo la vinyo si la mowa wa m'bala ayi. Pasanathe ola, malebulo onse anamatuka n'kuyandama pamwamba ngati masamba.

Safunsa anadya phula. Ataona zimenezo anachita mantha, anatenga beseni, anawola malebulo a m'madiramu onse atatu, n'kukawayanika pamodzi pa boneti kuti asawonongeke. Phiri, ngalawa, mtengo wa mphesa, zonse zitasakanikirana, atazitsendereza ndi timiyala. M'madiramu munatsala mabotolo akuda ofanana, zotsekera zakuda zofanana. Makatoni opanda kanthu anali atagawana kale madalaivala kuti agonere. Amene anamiza mabotolowo sanawerenge n'komwe zimene zinalembedwa, ndipo mwini wakeyo sanakumbuke kuti diramu iti ndi iti.

"Ni imwe munakamba ati izapya!" anandikalipira ndisanatule masaka.

"Nenze nakamba masaka."

"Munanichititsa manta! Ngati simunakambe, sembe vili mu makatoni!"

Ba Chanda anali atakhala pa sitepe ya lole akusenda lalanje. "Ba Dayilekita," anatero osakweza maso, "ine nenze nakuuzani ati lindilani ba mudala. Munaniyanka shani?"

Mofati anatembenukira kwa ine. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti wopotedwayo ndine.

Tinadutsa m'mawa mwake, titakhuthula madzi m'madiramu n'kusiya mabotolo momwemo, titatsendera masaka anga kuti asagundane. Pokwera mapiri lole inayamba kulira, nthunzi inatuluka kutsogolo, ndipo Ba Chanda anaimika pamalo otakasuka kuti injini izizire. Kumunsi m'phompho munali mafupa a malole akale. Mofati anakwera kumbuyo, anatsika ndi mabotolo atatu, limodzi la m'diramu iliyonse, ndi matambula atatu atsopano. Anaziika pamwala.

"Ba mulamu, nchito yanu ni iyi. Niuzeni iti ni ya pa pili, iti ni ya ku nyanja, iti ni ya mu chigwa. Tikafika tizamatika malebulo."

Ndinatsegula onse atatu. Ndinalawa woyamba, ndinatsuka m'kamwa, wachiwiri, wachitatu. Ndinabwerezanso kuyambira kumapeto. Ndinatseka maso. Ndinadikira kuti mwina wina atsalira pang'ono kukhosi, mwina wina awawira, mwina mphepo ya nyanja imveka penapake. Panalibe. Zipatso zakupsa, thabwa latsopano, keke, katatu.

Apo mantha anandigwira, chifukwa ndinayamba kukhulupirira mawu a Mofati. Mwina lilime linafadi zaka ziwiri zija za pakhonde, mwina ku Joni ndinangolira chifukwa cha ukalamba. Ndinapita kutsogolo kwa lole, ndinamasula juzi, n'kutsegula botolo langa. Linali lofunda, losayenera kumwedwa chotero, komabe fumbi la mvula lija linabwera, utsi uja, kukwapula kuja. Lilime langa linali lamoyo. Akufa anali aja atatu pamwala.

"Nakuuza kudala ku Joni," ndinatero. "Sivisiyana. Kulibe muntu angakuuze zoona apa, olo uja anakugulitsa."

"Mwakangiwa," anatero Mofati, kutanthauza kuti ntchito yandikanika.

"Sininakangiwe. Mulibe chosiyanitsa mukati."

"Mwakangiwa, ba mulamu. Palibe mulandu. Tikafika pa Kafue nizatumila uja wa ku Lusaka. Ba sisi nizabauza ati ninayesa."

Ananena mofatsa, akupukuta magalasi ake akuda ndi tayi. Ndikanakonda akanakalipa. Ndinamuyang'ana munthu amene ndinamugulira nsapato zake zoyamba, ndipo ndinamuda ndi mtima wanga wonse. Kenaka m'maganizo ndinaona amake Tisa akutsika minibasi ndi kireti ya matimati, khosi litakhota, akundifunsa ndi maso kuti zayenda bwanji. Ndinadziwanso kuti wa satifiketiyo akabwera sadzamva chilichonse chimene ine sindinamve. Adzangoloza.

"Leta," ndinatero, ndikutambasulira dzanja kumatambula aja. "Nenze nikalibe kutsuka bwino mukamwa."

Ndinanyamula tambula yoyamba n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Ndinaizunguza monga ankachitira Mtaliyana uja, ndinalowetsa mphuno yonse, ndinakweza nsidze. Ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira dzina la mnzake wakale.

"Iyi ni ya ku nyanja. Muli kamuchele patali."

Yachiwiri ndinaichedwetsa dala. "Iyi ni ya mu chigwa. Ilema pang'ono." Yachitatu sindinailawe n'komwe bwino. "Iyi ndiye ya pa pili. Mwala umveka."

Mofati anatenga yachitatuyo, anaizunguza mpaka kudonthezera pa nsapato, analawa, n'kutseka maso.

"Eeh! Namvela mwala zoona. Mwaona manje? Mukafuna mumasebenza."

Anakwera kumbuyo ndi choko kukalemba pa madiramu. Ba Chanda anatambasula dzanja, ndipo ndinamupatsa botolo langa la mbuzi. Anangonunkhiza, popeza anali pa chiwongolero, n'kukwinya nkhope.

"Iyi yeve ili na mwine wake," anatero, n'kundibwezera. Anayang'ana matambula atatu aja pamwala, anandiyang'ana ine, n'kupita kukathira madzi mu injini.

Tinafika pa Kafue madzulo a tsikulo, utsi wa fakitale imodzi yokha ukuoneka kumene kale kunkafuka zingapo. Masiku awiri otsatira ndinawathera m'sitolo ya loji ndi botolo la guluu, ndikumata phiri, ngalawa ndi mtengo wa mphesa molingana ndi choko cha Mofati. Malebulo ena anali atakwinyika, ndiye ndinawasita ndi simbi.

Loweruka masana loji inatsegulidwa. Kunabwera mabwana atsopano a ku Lusaka, a mafoni aakulu ngati njerwa. Bwana wina analawa wa phiri n'kunena kuti kusiyana kwake ndi wa chigwa n'koonekeratu, ndipo munthu ukalipira zambiri umadziwa chimene walipirira. Mkazi wake anati iye amakonda wa ngalawa chifukwa ndi wopepuka. Mofati anagogoda tambula ndi foloko, anandiimika pakati pa anthu, n'kuwauza kuti mlamu wakeyu amatha kusiyanitsa famu ndi famu atatseka maso, pamwamba pa phiri, ndi vinyo wofunda. Anthu anaomba m'manja. Amake Tisa, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, analuluta kuchokera kukhomo la khitchini.

Ntchitoyo ndinaigwira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene anabwezapo tambula. Mtaliyana uja ankabweza katatu pa tsiku, ndipo ndinkamutukwana mumtima. Pa loji ya Mofati ndinkamusowa tsiku lililonse.

M'mawa wa Lamulungu, litapita phwandolo, ndinapeza amake Tisa pakhonde atayala jekete yanga yoyera yakale pamiyendo, singano ili pakamwa.

"Atate ake Tisa," anatero atachotsa singanoyo, "waini ija banipatsa mailo pa pwando, ya pa pili, ndiye yodula maningi ka? Nifuna nikauze banzanga ku maliketi."

Ndikanatha kungovomera. Koma ndinali nditanamiza anthu okwanira sabata imeneyo.

"Siniziba," ndinatero. "Ninangosonta chabe. Vonse vitatu siniziba."

Anandiyang'ana osadabwa, osakwiya. Kenaka anaweramira jekete ija n'kupitiriza kusoka.

"Kola iyi yasila," anatero, akuloza pakhosi pa jeketeyo pamene panaperepeseka. "Nizaitembenuza. Sibazaona."